Laputopu Imene Inayankhula Pamaliro a ku Unit O

Ana anga Grace ndi Tinashe, ndi inu adzukulu amene mumandiyankha m'Chishona ndikakufunsani m'Chichewa, mutu uno ndaulemba m'chiyankhulo cha agogo anu mwadala. Wofuna kudziwa zimene ndinkachita zaka zonse zija ndikatuluka m'mawa ndi chikwama chakuda, atuluke thukuta pang'ono powerenga. Za ubwana wanga ndazidumpha, mulibe chimene simunachimve kale. Ndiyambira pa mpando wanga woyamba.

M'ma 1980, ku Harare

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa makalata pa fakitale ina ya nsalu. Ndinkanyamuka ku Zengeza 4 ku Chitungwiza, kunyumba kwa bambo anga, n'kukwera basi yodzaza mpaka munthu kuima ndi mwendo umodzi, moti pofika ku ofesi diresi limene ndinasita dzulo lake linkaoneka ngati ndagona nalo. M'chipinda chathu tinalimo atsikana angapo, mataipilaita akulira ngati matalala padenga la malata. Mkulu wathu anali Mai Dube, mayi wamtali amene sindinawaonepo mano kufikira tsiku limene anapuma ntchito. Lolemba lililonse ankatiyendera kuona zikhadabo, ndipo kalata ikakhala ndi chilembo chimodzi cholakwika ankaing'amba mwakachetechete, n'kukuikira zidutswazo patebulo bwinobwino ngati akukupatsa mphatso. Ndinkawada mayi amenewa. Koma pochoka m'manja mwawo ndinali nditafika potaipa maso ali pawindo, ndipo luso limeneli ndi limene linakulerani.

Kumapeto kwa m'ma 1990, Unit L

Fakitale itayamba kuchepetsa anthu, ine ndinali m'gulu loyamba kuchoka, ndipo sipanapite nthawi bambo anu anatisiya. Maliro awo anayendetsa ndi a Kamwendo, amene anali ndi kampani yaing'ono ya maliro ku Unit L. Pa kapepala ka mwambo kamene anagawira anthu, dzina la bambo anu analilemba mwa mitundu iwiri, ndipo yonse iwiri inali yolakwika. Masiku a kulira atatha ndinapita kukawauza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Anabanda, ngati manja anu akuthwa ngati pakamwa panupa, mubwere Lolemba." Umu ndi mmene ndinalowera ntchito imene ndinapumira.

A Kamwendo anali mwana wa Mmalawi ngati ine ndemwe. Anayamba ngati kalipentala, akukhoma mabokosi kuseri kwa nyumba, koma pamene ndinkawadziwa anali atasiya kugwira hamala ndipo ankavala suti ndi tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, phula likusungunuka mumsewu. Sanali munthu woipa. Amasiye ambiri anawaikira maliro ulere, osauza munthu. Matenda awo anali amodzi: ankakonda mayina akuluakulu. Iwo anali Managing Director. Ine anandipatsa udindo wa Head of Administration, ngakhale pansi panga panalibe munthu aliyense kupatula tsache. Mabokosi nawonso anali ndi maudindo. Lotchipa linali Senator, lapakati linali Ambassador, ndipo la zogwirira zonyezimira linali President, moti munthu amene anafa asanalowepo ngakhale m'komiti ya pa tchalitchi ankapita kumanda ali Senator.

Ntchito yanga inali kutaipa timapepala ta mwambo wa maliro, nyimbo za m'Chichewa, Chishona ndi Chingerezi, ndi zikalata zonyamulira mtembo kupita ku Malawi, ku Mozambique kapena ku Zambia. Patapita zaka tinagula kompyuta yakale, ya mutu waukulu ngati mtsuko. M'menemo munali pulogalamu ina yokonzera timapepalato. Ndinaiphunzira movutikira, koma nditaidziwa ndinaidziwa ngati khitchini langa. Nyimbo zonse zimene anthu amapempha pamaliro ndinazisunga m'menemo, ndi maluwa a m'mbali mwa pepala, ndi mtanda, ndi nkhunda.

2008 ndi 2009

Za chaka cha 2008 mukuzikumbukira nokha, munali akuluakulu. Kwathu ku ntchito matabwa anasowa, mafuta anasowa, mapepala anasowa. Timapepala ta mwambo ndinkasindikiza kuseri kwa makalendala akale, ndipo tsiku lina anthu anaimba nyimbo yotsanzika m'bale wawo kwinaku kuseri kwa pepala kuli chithunzi cha thirakitala. Galimoto yathu yonyamula maliro inkathera mafuta panjira, dalaivala wathu a Mlauzi n'kupempha anamfedwa kuti atsike akankhe. Anthu ankalipira ndi nkhuku kapena mbuzi, mwakuti kuseri kwa ofesi kunkamveka ngati kumudzi.

Madola a ku America atabwera, zinthu zinabwerera m'mashopu ngati zinangobisala kuseri kwa chitseko. Chenji chinkasowa, wogulitsa n'kukupatsa maswiti, koma tinapuma. Vuto linali lakuti makampani akuluakulu a m'tauni nawonso anapuma, ndipo anayamba kufika ku Chitungwiza ndi matenti oyera, kapeti wobiriwira, ndi chinthu chatsopano: ankapachika nsalu yoyera n'kumaonetsa zithunzi za womwalirayo kuyambira ali mwana. Anthu anachikonda. Amene ankabwera kwa ife anayamba kufunsa kuti, "Nanga zithunzi mumaonetsa?" A Kamwendo ankayankha kuti zili m'njira. Ali m'kati molonjeza choncho, magetsi amene anali atazima kuyambira m'mawa anabwera mwaukali tsiku lina masana, kompyuta yathu yakale n'kutulutsa kautsi ngati ka munthu wosuta, basi osadzukanso.

2010, nyengo yozizira

A Kamwendo anagula pulojekita ndi laputopu kwa munthu wina wochokera ku Joni. Laputopu inali yabwino, yokhala ndi batire loti magetsi akazima ntchito n'kumapitirira, koma inabwera yopanda kanthu m'kati, ngati nyumba yopanda mipando. Tinainyamula kupita nayo ku mashopu a pa Makoni kwa a Simango, bambo wa ku Mozambique amene kale ankakonza mawailesi, kenako anasamukira ku makompyuta mawailesi atatha ntchito. Anali munthu woyankhula pang'onopang'ono, magalasi ali pansonga ya mphuno. Nkhani yoyamba imene anatiuza inali yabwino: zinthu zanga zonse za m'kompyuta yakufa ija, imene tinawasiyira kale, anazipulumutsa. Kenako anafotokoza kuti laputopu imafuna pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene nthawi imeneyo anthu ankangoitcha Seveni, ndipo Seveniyo inali ya mitundumitundu.

"Pali Sitata," anatero a Simango. "Imeneyo ndi yosauka, ngakhale chithunzi cha pa sikirini simungasinthe. Pali Homu, ndiye kuti ya pakhomo, imene imachita zonse za munthu wamba: kulemba, kusindikiza, kuonetsa zithunzi ndi mafilimu. Pali Puro, ya m'maofesi akuluakulu momwe makompyuta ambiri amalumikizana. Imeneyo ilinso ndi kachipinda kosungiramo mapulogalamu akale ngati ya amayiwa. Pamwamba pa zonse pali Aletimeti."

"Aletimeti ndiye kuti chiyani?" anafunsa a Kamwendo, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankadziwa, ankangofuna kulimva likunenedwa.

"Ndiye kuti chomaliza. Mathero."

A Kamwendo anandiyang'ana nkhope ikuwala. "Mwamva, Anabanda? Mathero. Nanga ntchito yathu ndi yotani? Anaipangira ife imeneyo."

A Simango anayesetsa. Anati Aletimeti ili ndi zinthu zimene ife sitidzazikhudza mpaka kufa, monga kutseka zinsinsi za makampani ndi kusintha makina kuti aziyankhula Chijapani. Anati kwa ofesi ya tebulo limodzi Homu ikukwana, ndipo ngati tikufunitsitsa pulogalamu yanga yakale, tilimbe mtima tigule Puro. A Kamwendo mawu akuti Homu anawalandira ngati chipongwe. Anati iwo sanabwere kudzagula choseweretsa ana pakhomo, iwo ndi kampani. Koma atamva mtengo wa Aletimeti yeniyeni, ya m'kabokosi kake, anakhosomola, n'kunena kuti akufuna akaganize kaye.

Kuganiza kwawo kunali kukwera kombi, minibasi ya kuno, mawa lake kupita m'tauni. Anabwerako madzulo akumwetulira, laputopu ili m'khwapa. Anali atapeza munthu wina pakhonde la shopu amene anawaikira Aletimeti pa mtengo wa mbale ya chakudya, n'kuwaikiranso pulogalamu yanga yakale ngati basela, pamodzi ndi zinthu zija a Simango anapulumutsa. "A Simango ndi okalamba, sadziwa misika," anatero. Ine ndinayatsa makinawo, ndinaona nkhunda zanga ndi nyimbo zanga zonse zilimo, ndipo ndinasangalala. Kwa mwezi wathunthu laputopu inagwira ntchito ngati mkamwini watsopano. Tinaonetsa zithunzi pamaliro angapo, anthu n'kumalira bwino kuposa kale, ndipo a Kamwendo ankaima pambali pa nsalu n'kumauza aliyense wofuna kumva kuti makinawa ndi Aletimeti.

Kenako kunagwa maliro a a Tembo ku Unit O. A Tembo anali ndi makombi angapo, ndipo awa anali maliro aakulu kuposa onse amene tinayendetsapo. Anagona mu President. Pabanjapo panali nkhani imene Unit O yonse inkaidziwa. A Tembo anali ndi mwana wamwamuna kunja kwa banja, dzina lake Blessing, makanika wa zaka za m'ma sate, munthu wofatsa. Bambo ake anamuvomera poyera atadwala kale, ndipo mkazi wawo, Mai Tembo, anamulandira, ngakhale sindikunena kuti zinali zophweka. Amene anakana kwamtuwagalu anali mlongo wa malemuwo, amene aliyense ankawatcha Tete Rozi, poti tete m'Chishona ndi azakhali. Iwo ankati mphuno ya mnyamatayo si ya kwa Tembo. Pondipatsa zithunzi zoti ndionetse, Mai Tembo anaikapo chimodzi cha a Tembo atakoleka mkono paphewa la Blessing pafupi ndi kombi. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ichinso muike. Bambo ake akanafuna choncho."

Mwambo unachitika Loweruka masana mu tenti pakhomo, tisananyamuke kupita kumanda. Anthu anadzaza mpaka mumsewu. Ine ndinakhala kutsogolo ndi laputopu pa katebulo, zithunzi zikusinthana pa nsalu, amayi a mpingo akung'ung'udza nyimbo pansipansi. A Tembo ali mnyamata. A Tembo pa ukwati. A Tembo ndi kombi yawo yoyamba. Kenako chinafika chithunzi cha Blessing, ndipo anthu mu tenti anadikira kuona chimene wina achite. Nthawi yomweyo laputopu inalira kamodzi, ndipo pa nsalu, pachifuwa penipeni pa Blessing, panatuluka kabokosi kokhala ndi mawu a Chingerezi.

Tete Rozi maso awo anali ofooka koma makutu anali akuthwa. "Zalembedwa chiyani pamenepo?" anafunsa mokweza.

Abusa anayamba kufufuza kanthu m'Baibulo. Koma pamaliro sipalephera munthu wofuna kuonetsa kuti anapita kusukulu, ndipo bambo wina kumbuyo anawerenga momveka bwino. "Akuti not genuine, Tete. Ndiye kuti si chenicheni."

Tete Rozi anaimirira pang'onopang'ono, n'kumanga bwino chitenje chawo. "Ndakhala ndikunena ine," anatero, akutembenukira khamu lonse. "Munkati ndine mfiti. Lero ngakhale makina aona."

Ine ndinali ndikudinadina mabatani. Kabokosi kanachoka, koma zithunzi nazonso zinachoka, nsalu yonse n'kuda bii, ndipo pakona pake panatsala mawu omwe aja, oyera, ooneka bwino kuposa poyamba. Ndinayang'ana kumene kunaima a Kamwendo. Kunalibe munthu. Ndinamva pambuyo pake kuti anakumbukira mwadzidzidzi kuti matayala a galimoto ya maliro amafunika kuwaona mpweya. Phokoso linali litayamba, ena akuseka m'manja, ena akukalipa, ndipo Blessing anali atawerama, akuyang'ana nsapato zake. Nkhope ya mnyamata ameneyo sindidzaiiwala. Anabwera kudzaika bambo ake, ndipo makina athu anamuvula pagulu.

Ndinaimirira. Mkazi wa kampani ya maliro sayankhula pamwambo, koma panalibe wina. Ndinati, "Pepani abale ndi anansi, pepani abusa. Makinawa sakunena za munthu aliyense. Akudzinena okha. Pulogalamu imene ili m'katimu ndi imene si yeniyeni, ndipo yasankha lero kuti iulule."

Tete Rozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye mukuti mwabweretsa makina achinyengo pamaliro a mchimwene wanga?"

Ndinaona kuti kulikonse kumene ndingaponde kuli minga. Ndinati, "Ndi choncho, Tete."

Amene anatipulumutsa ndi Mai Tembo. Anadzuka pamphasa pamene anakhala, anadutsa pakati pa anthu osathamanga, anamugwira Blessing padzanja n'kupita naye kukamukhazika pambali pawo, pamalo a ana a m'nyumba. Kenako anati, "Tsekani chinthucho, Mai. Abusa, tiyeni tiimbe." Tinaimba, ndipo a Tembo tinawaika bwino. Koma pofika madzulo nkhani inali itafika ku Zengeza, kuti a Kamwendo ali ndi kompyuta imene imaloza ana a m'chigololo.

Lolemba lotsatira

A Kamwendo anafika ku ofesi atavala tayi yakuda, osatchula n'komwe za Loweruka. Anaika laputopu ndi envelopu patebulo langa. "Mupite kwa a Simango akaikemo Aletimeti yeniyeni. Lachinayi tili ndi maliro ku Unit L konkuno, ndipo ndalonjeza zithunzi." Nditasuzumira mu envelopu ndinadziwa kuti sizikwana, ndipo ndinawauza. Anati ndi zokhazo zimene kampani ili nazo, ndikanenerere. Ali pakhomo anatembenuka. "Koma Anabanda, musandibweretsere Homu muno. Anthu akutiseka kale. Mukabwera ndi Homu, mubwere ndi makiyi a ofesi muwasiye patebulopo."

A Simango anali atamva kale zonse, koma sanaseke, ndipo ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha chimenechi. Anatsegula envelopu, n'kuitsekanso. Anati Aletimeti yeniyeni tisaitchule n'komwe. Puro inali pafupi koma osafikika, ndipo iwo sakanatha kutsitsa chifukwa nawonso ankachita kuitanitsa. Zimene ndinabweretsazo zinkakwana Homu, yeniyeni, ya nambala yake.

"Nanga pulogalamu yanga yakale?" ndinafunsa.

"Mu Homu siyenda, Mai. Ndi yakale kwambiri. Muphunzira ina, ndipo nyimbo zanu muzitaipanso."

"Zonse?"

"Zonse. Njira ina ilipo, koma si ya pa shopu pano. M'tauni muli anyamata amene angakuikireni Aletimeti ina yabodza, yochenjera kuposa yoyambayo. Mwina ikhala chaka osayankhula. Mwina iyankhula Lachinayi. Abwana anu sadzadziwa kusiyana kwake, ndipo chenji chikhala chambiri."

Ndinatuluka panja n'kukhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa tomato. Kombi zopita m'tauni zinali pomwepo, makondakitala akuitana. Ndinali ndi zaka zopitirira makumi asanu. Iwe Tinashe unali usanamalize sukulu, ndipo ntchito za otaipa zinali zitatha m'dziko. Ndikanakwera kombi, a Kamwendo akanakondwa, nyimbo zanga zikanakhalapo, makiyi akanakhala m'chikwama changa. Ndikanasankha Homu, ndikanataya ntchito ya manja anga ya zaka zambiri, mwinanso ntchito yeniyeniyo. Ndinayesa kudziuza kuti mwina yachiwiriyo siidzayankhula. Koma amene amakhala kutsogolo ndi laputopu ndi ine. Ndinadziona nditakhala mu tenti ina, pamaso pa banja lina, mtima uli m'mwamba pa chithunzi chilichonse, ndikudikira kuti makina atukwana ndani lero. Ndinaona kuti moyo umenewo sindingauthe, ngakhale atandikweza kukhala Managing Director.

Ndinabwerera m'shopu. "Ikani Homu, bambo."

A Simango anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Abwana akudziwa?"

"Adziwa madzulo."

Nditafika ku Unit L ndinaika laputopu patebulo la a Kamwendo, pambali pake n'kuikapo makiyi. Ndinati, "Bambo, ndaika Homu. Ndi yeniyeni. Aletimeti yeniyeni sitingaikwanitse, ndipo yabodza sindikhalanso nayo kutsogolo kwa anamfedwa." Anayang'ana laputopu, anayang'ana makiyi, anayang'ana kudenga. Ndinkaona kuti akuwerengera m'mutu kuti Lachinayi lili pafupi bwanji, ndiponso kuti iwo sadziwa ngakhale poyatsira pulojekita. Kenako anatuluka. Ndinadikira mpaka nthawi yoweruka, ndipo poti panalibe wina wotseka ofesi, ndinatenga makiyi aja n'kutseka.

Kuyambira tsiku limenelo a Kamwendo anasiya kundiyankhula. Sanandichotse, koma mawu awo onse ankadzera kwa a Mlauzi, dalaivala uja. Ankaima pafupi ndi tebulo langa, moti ndinkamva fungo la polishi wa nsapato zawo, n'kuitana a Mlauzi kuchokera panja kumene akutsuka galimoto. "A Mlauzi, auzeni a Head of Administration kuti timapepala ta mawa tikhale tokwanira." A Mlauzi, manja ali thovu lokhalokha, ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mwamva, Mai." Ine ndinkati, "Auzeni a Managing Director kuti ndamva." A Mlauzi ankati, "Amva, bwana," n'kubwerera ku ndowa yawo. Tsiku lina anandidandaulira kuti galimoto yayamba kuchita mawanga chifukwa sopo amaumirapo iwo ali pa ntchito yomasulira Chichewa kupita m'Chichewa.

Ine ndinali pa nkhondo yanga ndi pulogalamu yatsopano. Pulogalamuyo siinkadziwa Chichewa kapena Chishona, ndiye mawu alionse ndikalemba inkawadula mzere wofiira kunsi, tsamba lonse n'kuoneka ngati lavulala. Mayina a anthu inkawakonza mwa nzeru zake, moti ndinkachita kuwalondera ngati mbuzi pafupi ndi dimba. Nkhunda zanga zinapita, ndipo imene ndinapeza m'malo mwake inkafanana ndi nkhuku. Nyimbo ndinazitaipanso imodziimodzi, ndikuyamba ndi zimene zikufunika sabata imeneyo, ndipo ndinapeza kuti zambiri zinali m'zala zanga kale. Maliro a Lachinayi aja anadutsa bwino. Otsatira akenso chimodzimodzi. Laputopu inaonetsa zithunzi n'kukhala chete, monga mmene wantchito wa pamaliro ayenera kukhalira. Ndinapitanso ndekha ku galaja kumene Blessing ankagwira ntchito kukamupepesa. Anapukuta manja, n'kunena kuti ndisadandaule, chifukwa tsiku limene lija ndi limene anakhala koyamba pamphasa ya banja, ndipo kuyambira pamenepo Mai Tembo amamuitana Lamulungu lililonse kukadya.

Kusayankhulana kwathu kunatha nyengo yotentha itayamba. Kunabwera mkulu wina wokalamba, wapampando wa bungwe lina la Amalawi lothandizana pamaliro, kudzakambirana zonyamula m'bale wawo kupita naye ku Mulanje. Bungwe limenelo likanatikonda, tikanapeza ntchito ya zaka. Mkuluyo anakhala pansi, anavula chipewa, ndipo maso ake anagwera pa laputopu.

"Kodi makina aja otukwana anthu pamaliro ndi amenewa?" anafunsa.

Ine ndinasiya kutaipa. A Kamwendo anakonza tayi yawo, n'kutsamira kumbuyo.

"Ayi, bambo, amene aja tinawachotsa ntchito. Awa ndi ena, enieni, a nambala yake. Dzina lake ndi Homu. Anthu ankandikakamiza kuti ndigule za mayina akuluakulu, koma ine ndinakana. Ndinati ife ntchito yathu ndi yoperekeza anthu kwawo. Wa ku Mulanje apite ku Mulanje, wa ku Tete apite ku Tete. Ndiye kampani yotere ingagwiritse chiyani china kuposa Homu?"

Mkulu uja anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. Anati mawu amenewo ndi anzeru, ndipo akawafotokozera anzake a m'bungwe. A Kamwendo anatembenuka. A Mlauzi anali pakhomo, atayamba kale kupukuta manja kukonzekera ntchito yawo, koma abwana anawadumpha n'kuyang'ana ine.

"Si choncho, Anabanda?"

"Dzina lake ndi lomwelo, bambo," ndinatero, n'kupitiriza kutaipa.

Bungwe lija linatipatsa ntchito, ndipo tinaliyendetsera maliro mpaka pamene ndinapuma. A Kamwendo nkhani ya mmene anasankhira Homu anaifotokoza kwa anthu ambiri, ndipo chaka chilichonse inkakula: pomaliza anali atakangana ndi akatswiri atatu a m'tauni n'kuwagonjetsa onse. Kwa ine sanaitchulepo. Koma tsiku lomwe lija, mkulu uja atapita, anatuluka n'kubwerako ndi mabanzi awiri m'pepala. Limodzi analiika pambali pa laputopu, kufupi ndi dzanja langa, maso ali kwina, n'kukalowa mu ofesi mwawo. Linali la dzulo, louma pang'ono. Ndinalidya lonse.